Opaleshoni ya DBS ya matenda a Parkinson: ubwino wake ndinauona pa zithunzi za ubongo

Anzanga angapo akumpingo ndi a m'gulu lathu la Amalawi kuno ku England akhala akundifunsa za opaleshoni imene ndinachitidwa m'mutu. Ena ali ndi m'bale wodwala ngati ine matenda a Parkinson, a mu ubongo amene amanjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi, ena amangodabwa kundiona ndikupungulira alendo tiyi ndekha pamene kale kapu ankachita kundigwirira. Ndayankha mmodzimmodzi pafoni mpaka ndaona kuti bola ndingolemba zonse pamodzi. Sindine dokotala ayi, ndine mayi amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba mpaka manja anakana. Chipatala sindichitchula dzina chifukwa pali zina zimene ndidandaulepo, koma ndi chachikulu, cha boma, chimodzi mwa zochepa zimene zimachita opaleshoni imeneyi m'dziko muno.

Maganizo anga ndinene msanga: chithandizochi ndi chabwino, ndipo munthu amene madokotala amuona kuti ndi woyenera ndingamuuze kuti asazengereze. Koma anthu akamandifunsa amafuna kumva za kuboola chigaza ndi za batire limene lili pachifuwa panga. Ine chimene ndimachiyamikira kwambiri, chimenenso ndikufuna wina aliyense azifunsa asanasaine pepala lovomera, ndi ntchito yojambula ubongo. Mpeni ndi waya zimangotsatira kumene chithunzi chalozera. Chithunzi chikakhala chosaoneka bwino, kapena akachiwerenga mothamanga, zina zonsezo zimapita padera.

Opaleshoniyi amaitchula kuti deep brain stimulation, mwachidule DBS. Amalowetsa mawaya awiri oonda kwambiri mu ubongo, wina kumanja wina kumanzere, aliyense kunenepa kwake pafupifupi mamilimita 1.3. Mawayawo amadutsa pansi pa khungu kuseri kwa khutu, kutsika m'khosi mpaka pachifuwa pamene amaikapo batire. Batirelo limatumiza timagetsi tochepa zedi, kawirikawiri ka 130 pa sekondi, ndipo timagetsito timakhazika pansi kachigawo ka ubongo kamene kasokonekera. Kwa odwala Parkinson ambiri kachigawoko ndi kotchedwa subthalamic nucleus, kapena kuti STN, ndipo kukula kwake kuli ngati njere ya khobwe, mkati mwenimweni mwa mutu. Ena amawaika pamalo otchedwa GPi, makamaka odwala dystonia, matenda opotokola thupi aja, ndipo amene vuto lawo ndi kunjenjemera kokha amawaika m'chigawo china cha ubongo chotchedwa thalamus. Njirayi inayambira ku Grenoble m'dziko la France mu 1987, pamene Alim-Louis Benabid ndi anzake anaona kuti magetsi othamanga chonchi amaletsa kunjenjemera popanda kuwotcha ubongo, ndipo pa STN anayamba kuika mu 1993. Si zoyeserera za dzulodzulo.

Vuto ndi anansi a kanjereko. Cham'mbali mwake mumadutsa mitsempha yoyendetsa minofu ya nkhope, lilime, mkono ndi mwendo. Chakumbuyo kuli njira ya mitsempha yomvera kukhudza. Cham'munsi, chakumkati, kuli mtsempha woyendetsa diso. Ngakhale m'kanjeremo, mbali ina ndi yoona za kayendedwe ka thupi, ina imakhudza maganizo ndi mmene munthu akumvera mumtima. Waya ukaphonya ndi mamilimita awiri okha, munthu angathe kutuluka akulankhula movutikira, akuona zinthu ziwiriziwiri, kapena akungokhala ngati sanachitidwe kanthu. Nditamvetsa zimenezi ndinasiya kudandaula kuti akundijambula kambirimbiri.

Chithunzi choyamba chinabwera kale, mu 2014, matenda atangoyamba. Dzanja lamanja linkanjenjemera ndikakhala phee, ndipo zolemba zanga m'mabuku akuntchito zinayamba kuchepa mpaka anzanga osatha kuwerenga. Dokotala wa mitsempha ankafuna kutsimikiza ngati ndi Parkinson kapena kunjenjemera kwa mtundu wina kumene kumayenda m'magazi, ndiye ananditumiza ku sikani yotchedwa DaTscan. Amayamba akupatsa mankhwala oteteza chithokomiro, kenako jakisoni, ndiye umadikira maola angapo asanakugoneke pamakina. Chithunzi cha munthu wopanda vutoli chimaonetsa timadontho tiwiri towala, kalikonse kali ndi kamchira. Changa, kamchira kakumanzere kanali katazimiririka, kutsala kadontho kokha, ndipo n'chifukwa chake dzanja lovuta linali lamanja, poti ubongo umalamulira thupi mopingasa. Chithunzi chimenecho ndinachijambula pafoni n'kutumizira amalume ku Ntcheu, amene anali atayamba kale kufufuza kuti wandilodza ndani. Sindikunena kuti anasinthiratu maganizo, koma kuyambira pamenepo ankandifunsa za mankhwala m'malo mwa mayina a anthu.

Mankhwala a levodopa anandisunga bwino zaka zingapo. Kenako anayamba kutha mphamvu msanga. Ndikamwa, ndinkakhala bwino kwa kanthawi, kenako thupi lonse gwa, mapazi kumamatira pansi pakhomo la bafa. Akawonjezera mlingo, thupi linkayamba kudzigwedeza lokha, phewa ndi khosi kumangovina ine osafuna. Apa m'pamene ananditumiza ku gulu la DBS, ndipo dandaulo langa loyamba lili pomwepa. Kudikira kunali kwakutali, ndipo palibe amene ankandiuza kuti ndili pati pamzere. Ndikaimba foni ankangoti kalata ibwera. Kwa munthu amene akuona thupi lake likuipiraipira mwezi ndi mwezi, chete wotere amawawa kuposa kudikira kwenikweniko. Akanangotumiza uthenga waufupi wonena kuti dzina lanu lilipo, tikuyembekeza kukuitanani chakumapeto kwa chaka, mtima ukanakhala pansi.

Atandiitana zinthu zinayenda mwadongosolo. Anandigoneka m'chipatala n'kundisiyitsa mankhwala usiku wonse, m'mawa n'kundiyeza ndili wouma, akujambula vidiyo, kenako n'kundipatsa mlingo waukulu n'kundiyezanso. Amafuna kuona ngati mankhwala amakusintha ndi magawo 30 pa 100 kapena kuposa, chifukwa zimene levodopa amatha kukonza n'zimenenso DBS imakonza, kupatula kunjenjemera kumene nthawi zina kumamva magetsi ngakhale kutakana mankhwala. Usiku umenewo ndi wowawa, ndipo anamwino anandisamala ndi mtima wonse, kunditembenuza pabedi popanda kuwaitana. Panalinso mayeso a kukumbukira ndi kaganizidwe. Onse anali m'Chingerezi, ena ofuna kutchula mawu ambiri oyamba ndi chilembo chimodzi m'mphindi imodzi. Ndinawauza kuti Chingerezi ndinachiphunzira kusukulu, si cha kubere, ndipo mayi amene ankandiyezayo analemba zimenezo mu lipoti n'kuziganizira powerengera. Ngati Chingerezi si chilankhulo chanu choyamba, nenani musanayambe mayesowo, musadikire kuti akufunseni.

Za MRI, makina ojambula mkati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito, ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Anandijambula koyamba pongofuna kuona ngati ubongo uli bwino, ngati mulibe zipsera za sitiroko zing'onozing'ono kapena kufota kumene kungapangitse opaleshoni kukhala yoopsa. Ya chiwiri ndi imene amakonzera njira ya waya, ndipo imeneyi siifuna kugwedezeka ngakhale pang'ono. Tangoganizani kuuza munthu wa Parkinson kuti akhale phee kwa nthawi yaitali m'chimphanga chaphokoso. Ukamwa mankhwala mutu umavina, ukapanda kumwa umanjenjemera. Gulu limeneli silinalimbane nane. Anandiuza kuti chithunzi chokonzera opaleshoni adzachijambula nditagonekedwa tulo ndi mankhwala, pa makina amphamvu a 3 tesla (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito ake), ndipo anandibaya mankhwala ena opangitsa mitsempha ya magazi kuoneka bwino. Ndinamva kwa odwala anzanga kuti kwina amangokuuza kuti yesetsani, chithunzi chikatuluka chosaoneka bwino n'kukubwezani tsiku lina. Kuno anaganiziratu.

Koma pa nkhani ya tsitsi sanaganize. Kalata yoitanira inanena za ndolo, mawotchi ndi mano oikirira, osatchulapo za tsitsi. Ine pa MRI yoyamba ndinapita nditalukitsa mesh wautali. Mutu unakana kulowa bwino m'chipewa cha makinawo, ndipo wojambulayo anati sangatsimikize ngati m'tsitsi loikiriralo ndi m'timikanda take mulibe chitsulo. Mwana wanga wamkazi anakhala nane m'kachipinda kosinthira zovala akumasula ndi zala, ine misozi ili m'maso, anthu ena akudutsa pamzere. Sanandinyoze, anapepesa ndithu, koma mzere umodzi wokha m'kalata ukanatha zonsezi, ndipo chipatalachi chili mumzinda wodzaza ndi anthu akuda. Amayi anzanga, pitani ndi tsitsi lanu lachibadwa, lopanda mafuta ambiri, lopanda mapini, lopanda wigi yosokerera.

Tsiku limene ndinachikhulupirira chipatalachi ndi limene dokotala wa opaleshoni anatikhazika pansi, ine ndi bambo a kunyumba, n'kutembenuzira kompyuta kwa ife. Sanatilankhule ali chiimire. Anayamba ndi kutionetsa timadontho tiwiri tozungulira, takuda bii, pakatikati pa chithunzi, n'kuti ameneyu ndi red nucleus, ndiye chizindikiro chimene ndimayambira. Kenako anasuntha pang'ono cham'mbali n'kuloza kamzere kakuda kopendekeka. Anati aka ndi kanu, mayi, STN yanu, imaoneka yakuda chifukwa muli ayironi wambiri. Anationetsa kuti yakumanzere ndi yakumanja sizinali pamalo ofanana ndendende, ndipo anafotokoza kuti kale madokotala ankadalira kwambiri mapu a ubongo ojambulidwa kuchokera ku mitembo, n'kumawerengera mamilimita kuchokera pa timfundo tiwiri ta pakati pa ubongo, pamene tsopano amaona kachigawo ka munthu mwini wakeyo. Kenako anajambula mzere wobiriwira kuchokera pamwamba pa mutu, chakutsogolo pang'ono, kutsika mpaka pa kanjereko. Anauyendetsa pang'onopang'ono, chithunzi ndi chithunzi, kutionetsa pamene ukulambalala mtsempha wa magazi, pamene ukupewa mapanga a madzi a mu ubongo, pamene ukupewa makwinya a pamwamba amene mumabisala timitsempha. Pamalo ena anaima n'kuti apa ndayandikira kwambiri, ndisuntha polowera.

Bambo a kunyumba, amene njira yonse ankangoti tiyeni tibwerere, anafunsa kuti nanga magazi akatuluka mkatimo? Dokotalayo sanazembe. Anati zimachitika kwa munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 100, kuti nthawi zina zimasiya munthu wolumala ngati wa sitiroko, ndipo mwa apo ndi apo zimapha. Anatchulanso za mabala kuchita mafinya, kumene kukafika pa waya kapena batire amachita kuchotsa zonse n'kuyambiranso. Anati ntchito yonse ya mzere wobiriwirawu ndi kuchepetsa ngozi yoyambayo, koma sangaithetseretu. Tinatuluka tili ndi mantha, komabe anali mantha a chinthu chimene tachiona ndi maso, ndipo usiku umenewo bambo ndi amene anayamba kunena kuti tisaine.

Pali njira ziwiri zochitira opaleshoniyi, ndipo ndi bwino kufunsa kuti chipatala chanu chimatsata iti. Yakale, imene malo ambiri akuigwiritsabe ntchito ndipo imathandiza ndithu, wodwala amakhala maso. Amalowetsa timawaya tomvetsera phokoso la maselo a ubongo, n'kumakuuza kuti tambasula dzanja, werenga manambala, kuti adziwe kuti afika. Ina ndi yogonekedwa tulo, yodalira zithunzi poloza ndi potsimikiza. Zipatala za ku Queen Square mu London ndi ku Bristol ndi zina mwa zimene zinatsogolera njira yachiwiriyi. Ine ndinachitidwa ndili mtulo, ndipo kunena zoona ndikanauzidwa kuti ndikhale maso, ndilibe mankhwala m'thupi, akundiboola chigaza, sindikudziwa ngati ndikanalimba mtima. Ubwino wina umene anandifotokozera ndi woti waya umalowa kamodzi mbali iliyonse m'malo molowetsa timawaya tingapo tofufuzira, choncho mpata wobaya mtsempha umachepa. Sindikunyoza njira inayo. Dokotala amene anaizolowera ndipo amaichita bwino ndi wabwino kuposa wongoyamba kumene njira yatsopano.

Za tsiku la opaleshoni ndikudziwa zochepa poti ndinali mtulo. Anandimanga fulemu yachitsulo kumutu ndi timisomali tinayi, mtundu wa chipangizo chimene Lars Leksell wa ku Sweden anayambitsa mu 1949, n'kundijambulanso ndili nayo kuti kompyuta iphatikize chithunzi chatsopanocho ndi cha MRI chija. Pamenepo malo alionse a mu ubongo amakhala ndi manambala ake atatu, ndipo manambalawo ndi amene amatchera pa fulemu. Tsitsi anameta timalo tiwiri tokha chakutsogolo ndi kuseri kwa khutu, osati mutu wonse monga ndinkaopera. Chimene chinandigwira mtima ndinachimva m'mawa mwake. Dokotala anabwera pabedi n'kunena kuti atalowetsa mawaya anandijambula ndili m'chipinda chomwecho cha opaleshoni, asanatseke, ndipo anapeza kuti wakumanja wakhala pamene ankafuna koma wakumanzere wapatuka pafupifupi mamilimita awiri. Anafotokoza kuti chigaza chikabooledwa madzi ena amatuluka, mpweya n'kulowa, ubongo n'kusuntha pang'ono, ndipo waya woondawo ungathenso kupindika. Anauzula n'kuubwezera, n'kujambulanso, ulendo uno unakhala pamalo pake.

Akanapanda kundiuza sindikanadziwa. Akanapandanso kujambula asanatseke, bwenzi pano ndikuuza anthu kuti DBS siithandiza dzanja lamanja, kapena bwenzi ndikudikira opaleshoni yachiwiri. Pa chifukwa chimenechi funso limene ndimauza aliyense kuti akafunse ndi ili: kodi mukaika waya mumajambula kuti mutsimikize ndisanachoke patebulo, ndipo ukaphonya mumatani? Chipatala chabwino sichikwiya ndi funso limeneli.

Masiku oyamba ndinadzuka thupi litapepuka ngakhale batire anali asanayatse. Anali atandichenjeza kuti zimenezi zimachitika chifukwa cha kutupa pang'ono pamene waya wadutsa, ndipo zimatha. Zinathadi, kuuma kunabwerera, ndipo chenjezo lija linanditeteza kuti ndisataye mtima. Mutu sunkapweteka kwambiri. Pamene pankawawa ndi pachifuwa ndi m'khosi, mmene anadutsitsa waya. Ndinali nditawauza kuti kwathu zipsera zimatupa, ndipo anasoka mosamala n'kumandiona pafupipafupi. Cha pachifuwa chinatupabe pang'ono, cha m'mutu chinabisika m'tsitsi.

Patapita milungu ingapo ndinapita kukayatsitsa, ndipo apanso zithunzi zinagwira ntchito imene sindinkaiyembekeza. Nesi wa DBS anali ndi tabuleti yoonetsa ubongo wanga womwe, kanjere kaja atakapaka mtundu wobiriwira, waya ukuoneka utalowa mkati mwake. Kunsonga kwa waya kuli timagawo tingapo totulutsa magetsi, ndipo mawaya amakono ena mwa timagawoto anatidula patatu kuti magetsi athe kulozetsedwa mbali imodzi. Makampani odziwika opanga zipangizozi ndi Medtronic, Boston Scientific ndi Abbott, ndipo chipatala ndi chimene chimakulangiza choyenera. Nesiyo akakweza magetsi, pa tabuleti pankaoneka kampira kofiira kakukula mozungulira waya. Anagwira dzanja langa lamanja n'kumalipinda pamfundo, akukweza pang'onopang'ono. Ndinamva dzanzi m'zala, linabwera n'kutha. Kenako dzanja limene linali gwa linangoti lobodo m'manja mwake, kunjenjemera kunachepa, kunachepa, n'kusiya. Mwana wanga anangoti, "Amayi, taonani dzanja lanu," n'kutuluka panja kukalira.

Nesi anapitiriza kukweza kuti aone malire. Pakamwa panayamba kukokekera kumanja, lilime kulemera, mawu anga osamveka. Anandionetsa pa tabuleti kuti kampira kofiira kaja katulukira kunja kwa kanjere, kakukhudza njira ya mitsempha ya nkhope. Anazimitsa kagawo koyang'ana kumeneko n'kuyatsa koyang'ana mkati, kampirako kanasuntha ine ndikuona, ndipo pakamwa panamasuka nthawi yomweyo dzanja lili phee. Odwala amene anachitidwa kalekale amandiuza kuti iwo ankakhala tsiku lonse akuyesedwa kagawo ndi kagawo, alibe mankhwala m'thupi. Ine sizinatenge nthawi yotero chifukwa nesi ankadziwiratu poyambira. Komabe musaganize kuti ulendo umodzi ukwana. Ndinabwererako kangapo m'miyezi yotsatira, akusintha magetsi uku akuchepetsa mankhwala, ndipo panali milungu ina imene ndinkaona ngati zabwerera m'mbuyo.

Pano ndili chonchi. Mankhwala ndikumwa pafupifupi theka la amene ndinkamwa. Kuvina kwa phewa ndi khosi kunatha. Usiku ndimatembenuka ndekha pabedi, chinthu chimene munthu wabwinobwino sachiwerengera. Nsima ndimaphika ndekha, kuvundula ndi mthiko mpaka kuomola, zimene ndinali nditasiyira bambo a kunyumba. Chitenje ndimamanga chosagwa. Ulusi pasingano ndimalowetsa masiku ena, masiku ena ayi.

Zosakoma zilipo ndipo sindizibisa. Mawu anga anachepa mphamvu, moti kukwaya ya amayi ndimaimba koma sindingayambitsenso nyimbo. Ena mwa mavutowa ndi a matenda omwewo, ena ndi a magetsi, ndipo nesi ananena poyera kuti tikhoza kukweza mawu pochepetsa magetsi koma dzanja lidzayambiranso pang'ono. Ndinasankha dzanja. Thupi linanenepa kwambiri chaka choyamba, ndipo apa ndikuona kuti sanandichenjeze mokwanira. Anangotchula modutsa, pamene zikanafunika kundikumanitsa ndi wolangiza za zakudya kuyambira pachiyambi. Mapazi amamatirabe nthawi zina pamalo opanikiza, ndipo anandiuziratu kuti DBS siithandiza kwenikweni pa kugwa ndi kusakhazikika poyenda. Matendawo sanachoke, akupitirira pang'onopang'ono. Amene angakuuzeni kuti opaleshoniyi imachiritsa Parkinson akukunamizani.

Dandaulo lina ndi la makalata. Pamaso ndi pamaso anthuwa amafotokoza bwino kwabasi, koma kalata imene imabwera kunyumba imakhala yolembera dokotala mnzawo, yodzaza manambala ndi mawu achidule. Ine amene ndagwira ntchito pafupi ndi anamwino ndinkavutika nayo, nanga agogo amene alibe mwana wowawerengera? Ndinapemphanso kope la zithunzi zanga zosonyeza pamene mawaya ali, ndipo ndinachita kulondalonda maofesi ndisanalandire. Limbikirani kupempha, ndi zanu. Mukadzasamukira mzinda wina kapena dziko lina, dokotala watsopano adzafuna kuona zimenezo asanakhudze batire lanu.

Za ndalama, ine sindinalipire kanthu pa opaleshoni, pa masikani ngakhale pa chipangizo, chifukwa ndi chipatala cha boma ndipo ndine wokhazikika kuno. Zimene zinatidya ndi mayendedwe, malo oimika galimoto, ndi masiku amene bambo ndi mwana ankajomba kuntchito. Kuchipatala cholipira ndi ndalama zambirimbiri, chifukwa chipangizo chokhacho ndi chodula zedi. Batire lilipo la mitundu iwiri. Losatchaja limatha pakapita zaka zitatu mpaka zisanu, n'kuchitidwanso kaopaleshoni kakang'ono kosintha. Lotchaja limakhala zaka 15 kapena kuposa, koma umafunika kumaika chotchajira pachifuwa kawirikawiri. Ndinasankha lotchaja. Ndikapita kumudzi ndimanyamula pawabanki yaikulu chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, ndipo ndimatchaja ndisananyamuke mutauni. Batire likathima mwadzidzidzi kwa munthu amene thupi linazolowera, kuuma kumabwerera mwamphamvu ndipo kungathe kukhala koopsa.

Abale akumudzi amandifunsa ngati angabweretse odwala awo kapena kuwatumiza ku South Africa kapena ku India, kumene opaleshoniyi imachitikanso molipira. Ndimawayankha mosamala. Choyamba, si aliyense wonjenjemera amene ali ndi Parkinson, ndipo si aliyense wa Parkinson amene DBS ingamuthandize. Amene wayamba kuiwalaiwala kwambiri, kapena amene levodopa samusintha n'komwe, kawirikawiri samuchita. Chachiwiri, makina a MRI si ofanana. Amene anafika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre mu 2008, othandiza pa kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana, anali a 0.35 tesla, ndipo anagwira ntchito yaikulu pa zimenezo, koma kuloza kanjere ka STN kumafuna a 1.5 kapena 3 tesla ndi anthu ozolowera kujambula mwa njira yakeyake. Choncho zithunzi zokonzera opaleshoni zimajambulidwa komwe kukachitikire opaleshoniko. Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene anthu sachiganizira, ndani adzasinthe magetsi mukabwerera kwanu? Kusonkha ndalama za opaleshoni yokha, popanda za maulendo obwererako chaka choyamba ndi za batire lam'tsogolo, ndi kumusiya wodwala panjira. Funsani chipatalacho musanalipire ngati chipangizo chawo chimatheka kusinthidwa kudzera pa intaneti, poti zina zimatheka, komanso kuti bala likachita mafinya muli kumudzi mudzathamangira kuti.

Mukaikidwa chipangizochi amakupatsani kakhadi, ndipo kaziyenda nanu kulikonse. Pabwalo la ndege ndimakaonetsa kuti andisecha ndi manja. Chofunika kwambiri, munthu wa DBS salowa mu MRI mwachisawawa, chifukwa makinawo angatenthetse waya uli mu ubongo. Zipangizo zambiri zamakono zimalola, koma pa malamulo ake, ndipo batire amayamba aliika pa dongosolo lapadera. Chaka chatha bondo litandivuta, chipatala chaching'ono chapafupi ndi kwathu chinakana kundijambula mpaka chitalankhula ndi gulu la DBS, ndipo anachita bwino. Chithandizo chotenthetsa minofu chotchedwa diathermy ndi choletsedwa kotheratu kwa ife, choncho muziuza dokotala aliyense, wa mano ndi wa mafizo yemwe, kuti muli ndi mawaya m'mutu asanakugwireni. Nambala ya nesi wa DBS ndinailemba kuseri kwa kakhadiko, ndipo bambo a kunyumba ndi mwana wanga ali nayonso m'mafoni mwawo.